Kalata kwa achemwali ku Manje

Johannesburg, 22 Juni 2025

Okondedwa achemwali,

Ine kuno ndilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chandilowa m'mafupa. M'mawa madzi a m'ndowa amakhala atagwira khungu pamwamba ngati phala logona. Ndikamapita kokwera taxi kudakali mdima ndimakumbuka chiperoni cha kwathu, nkhungu ikutsika phiri la Soche n'kuphimba Manje yense mpaka kiyosiki ya madzi osaoneka uli nayo pafupi. Paja tinkati kukuzizira. Kunali kusewera kuja. Komabe mutandifunsa lero lomwe, ndingasankhe chiperoni chomwecho, nditakhala pakhonde panu ndi kapu ya tiyi ndi mbatata yootcha, mawayilesi a oyandikana nawo akupikisana mawu.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumvera katatu. Ndasankha kuyankha papepala chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndiponso pafoni mumandidula pakamwa monga munkachitira tili ana. Mnyamata wa basi amene akupatseni kalatayi pa Wenela ali ndi mabulangete awiri ndi nsapato za ana. Muwerenge bwinobwino asanachoke.

Mwati mwana wanu wachisamba watopa kukhala pakhomo satifiketi ya Fomu 4 ili m'sutikesi, akufuna kukalembetsa usilikali, ndiye ine monga malume ake ndilankhulepo. Mwatinso ine ndikangotsegula pakamwa ndi kunyoza boma basi, ngati boma linandibera nkhuku. Apa ndinaseka ndekhandekha mpaka wa chipinda chinacho anagogoda khoma. Ndiyamba ndi nkhukuyo, poti nkhani ya mnyamatayo yagona pomwepo.

Mukukumbuka Epulo wa 2006, nthawi ya Operation Dongosolo, mavenda onse atauzidwa kuti achoke m'misewu. Ine ndinali ndi kamalo kanga pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndikugulitsa nsapato za kaunjika. Belo imene ndinali nditangotsegula sabata imeneyo inali ya katapila, ndipo mboni munali inu. Anafika anthu pagalimoto, nanyamula zonse ndi chiguduli chomwe, osalemba kalikonse, osasiya ngakhale kapepala. Patapita milungu iwiri, ndili mu minibasi ya ku Bangwe, ndinaona nsapato yofiirira, nambala 9, yomwe chidendene chake ndinasoka ndekha ndi ulusi wakuda chifukwa wofiirira unali utandithera. Inali kuphazi kwa bambo wina wa taye. Ndinaiyang'ana kuchokera ku Limbe mpaka pomwe bamboyo anatsikira, kukamwa kuli gwa. Ngongole ija ndinaibweza miyezi 11. Kuti misewu inayera, inayeradi, sindikana. Koma palibe anabwera kudzafunsa kuti ife osesedwafe tidya chiyani.

Ndinapirira, n'kukaphunzira kuwotcherera zitsulo ku Ndirande. Kenaka inafika 2011: mafuta kulibe, ndalama zakunja kulibe, magetsi kubwera ngati mlendo, wowotcherera n'kumangowothera dzuwa. Pa 20 Julaye anthu anatuluka kukadandaula, ndipo 20 mwa iwo anabwerera m'mabokosi. Zipolopolo zimenezo zinagulidwa ndi msonkho womwewu timadula pa sopo ndi pa mayunitsi. Mwezi wa Seputembala ndinakwera basi: Mwanza, Zobue, mlatho wa Tete, Nyamapanda, Beitbridge. Ndinakuuzani kuti ndi zaka ziwiri zokha. Chaka chino zikukwana 14, mayi anaikidwa ine kulibe, ndipo mwana amene ndinamusiya ali Sitandade 2 ndi uyu akufuna mfutiyu.

Ku shedi komwe timapanga mageti ndi zitsulo za m'mawindo ndili ndi mnzanga wa ku Zimbabwe, mkulu wa imvi, kwawo anali mphunzitsi. M'chikwama chake amasunga ndalama ya pepala ya kwawo ya madola 100 trillion, imene inatuluka mu Januwale 2009, maziro 14 atandandalika ngati mazira a nkhanga. Amati akaiwala chimene anadzera kuno amaitulutsa n'kuiyang'ana. Iyeyu ndiye anandisimbira za 2007, pamene boma la kwawo linalamula kuti mitengo ya zinthu itsike ndi theka. Sabata yoyamba anthu anaomba m'manja. Yachiwiri mashelefu anali mbee, buledi n'kumagulidwa kuseri kwa nyumba pamtengo woposa wakale uja. Dongosolo wawo anachitika mu 2005, ankamutcha Murambatsvina, ndipo a United Nations anapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya.

Pa nkhomaliro mkuluyu amawerenga timabuku ta anthu amene pa Chingerezi amatchedwa ma libertarian. Musaope dzinalo, si mpingo. Zomwe amanena n'zachidule. Munthu thupi lake ndi lake, thukuta lake ndi lake, ndipo malinga sakuba, sakunamiza kapena kupweteka mnzake, pasapezeke womuimirira panjira, ngakhale wovala yunifolomu. Kwa iwowa boma ndi mlonda amene mudzi wamulemba ntchito kuti azigwira akuba, aziteteza malire ndi kuweruza milandu. Zinthu zimaipa mlonda uja akalowa m'nyumba, n'kukhala pampando wa bambo, n'kuyamba kukuuzani nthawi yoteleka mphika, mtengo wogulitsira nkhuku zanu ndi munthu woti mumugulitse, uku malipiro ake akudzikwezera yekha.

Mmodzi mwa olemba amene amawakonda ndi Mfalansa wina, Frédéric Bastiat, amene anamwalira mu 1850. Analemba nkhani yoseketsa ya opanga makandulo amene akupempha aphungu kuti alamule anthu onse azitseka mawindo masana, ati dzuwa likuwaphera malonda popereka kuwala kwaulere. Nditamva ndinaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira nditakumbuka Malichi wapitayu, pamene kwathuko analetsa kuitanitsa katundu wina kunja, a Tanzania nawo n'kubwezera mu Epulo, katundu wa amayi a geni n'kumaonongeka pa Songwe akuluakulu akulozana zala. Bastiat ankaphunzitsa kuti lamulo lililonse lili ndi mbali yooneka ndi mbali yobisika. Yoonekayo ndi imene amajambula, nduna ikudula riboni. Yobisikayo ndi mayi amene mwezi umenewo sanapitenso kokaoda, ndipo sadzatuluka pa wayilesi.

Taonani nkhani ya ndalama imene mukulira nayoyi. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Inu munagona ndi ndalama ya banki m'khonde yokwana belo ya zovala, patangopita masiku ochepa ndalama yomweyo belo osaifikanso. Akanakhala wakuba wothyola chitseko mukanakuwa, a Manje akanatuluka ndi zibonga. Koma uyu chitseko sachikhudza. Boma likamadya zoposa zimene latolera limakongola, ngongole ikafika m'khosi ndalama imachuluka mapepala n'kuchepa mphamvu, ndipo chosowacho chimachoka pa mfundo ya mpango wanu, osati kwa amene ali ndi madola ku akaunti. Lero dola ili ndi mitengo iwiri: wa kubanki, cha m'ma K1,750, ndi wa m'misewu, woposa kawiri pamenepo. Wa kubankiwo inu munaugwirapo ndi manja anu? Amaupeza ndi odziwika, n'kukagulitsa kuseri, phindu n'kulowa m'thumba asanatulutse thukuta ndi dontho lomwe. Ogulitsa kaunjika amene anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe mu Febuluwale ankalira chomwechi. Nduna inasinthidwa, masitolo ena anatsekedwa ati akukweza mitengo, koma dola yotchipa ija ku msika wa Limbe sinafikebe.

Ndipo si za lero izi. M'nthawi ya Kamuzu mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990, chifukwa fodya ameneyo anali wa eni maesiteti. Thonje lake ankagulitsa ku ADMARC pamtengo umene ADMARC yanena, kwina kunalibe. Mayi ankasimba za tsiku limene anabwezedwa pachipata cha msika chifukwa choiwala khadi ya chipani, ine ndili kumsana, inu mutagwira chitenje, ndiwo osagula. Nanga thalauzi, achemwali, munayamba kuvala liti? Kuyambira 1973 mpaka 1993 mkazi kuvala thalauzi unali mlandu, boma kumayeza kutalika kwa siketi ya mwana wa eni ake. Pa 14 Juni 1993 nyali inagonjetsa tambala ndipo makhadi tinasonkhera moto, koma mtima woti boma ndi bambo wathu tinausunga bwinobwino pansi pa mphasa. N'chifukwa chake mu 2013, ndalama zoposa K13 biliyoni zitasowa ku Capital Hill m'miyezi 6 yokha pa Cashgate, tinadandaula sabata zingapo kenaka n'kubwereranso pamzere kukapempha kwa bambo yemweyo.

Ndikukumvani kale mukuyankha. Nanga makuponi a feteleza? Nanga sukulu yaulere imene inayamba mu 1994, momwe ana anu onse aphunzira? Nanga ku Queens komwe munachilira osatulutsa khobidi? Pamenepa ine ndi mkulu wa ku Zimbabwe uja timakangana mpaka nsima kuzizira. Iye amati chaulere kulibe, munalipira kale pa shuga ndi pa mafuta a minibasi. N'zoona. Koma ine ndinagonapo pansi pa bedi ya wodwala wopanda ndi tambala yemwe, ndipo pakamwa panga sipangatuluke mawu oti chipatala chikhale cha olipira okha. Apa mabuku ake sanandikhutiritse. Changa n'chakuti boma lichepetse zogwiragwira, litsale ndi mankhwala, milatho ndi makhothi, n'kuzichita zenizeni. Panopa likufuna kukhala wogulitsa chimanga, wosintha madola, woitanitsa mafuta ndi woyeza mtengo wa shuga nthawi imodzi, mapeto ake wodwala akulemberedwa kapepala koti akagule yekha mankhwala.

Usiku wa pa 12 Malichi 2023 sindidzauiwala, chonsecho ndinali kutali. Foni yanu inazima Lamulungu madzulo, n'kudzayaka Lachitatu. Masiku amenewo geti imodzi ndinaiwotcherera mokhota katatu, abwana mpaka anandiuza kuti ndikakhale panja. Mutayankha munandiuza kuti phiri linatsika ndi miyala yaikulu ngati minibasi, ndipo oyamba kukumba matope anali anyamata a kabaza, a kwaya, ogulitsa makala, ndi makasu a kudimba, mafosholo obwereka ndi zala zawo. Asilikali anafika pambuyo pake nathandiza kufukula ndi kunyamula, apatsidwe ulemu. Namondwe wa Freddy anatenga anthu oposa 1,000 m'dziko lathu, ena mwa iwo tinkatunga nawo madzi pa kiyosiki imodzi.

Koma pano ndisaname, poti ndikulembera mlongo wanga. Mitengo ya pa Soche sinadulidwe ndi nduna. Tinadula ndife. Ine ndemwe ndinasenzako nkhuni kumeneko ndili mnyamata, ndipo nyumba tinakwera nazo mpaka kumene kale kunkasewera apusi. Papepala nkhalangoyo inali ya boma, ndiye aliyense ankaiona ngati yopanda mwini: wodula lero wapindula, wosiya wasiyira mnzake wa nkhwangwa. Koma mango a pakhomo pa mayi analipo anawayandikira ndi chikwanje? Mwini wake ankadziwika, ndipo pakamwa pake pankadziwikanso mpaka ku Chiwembe. Mlonda amene anali ndi mphamvu zothamangitsa ogulitsa nsapato ku Limbe analibe nthawi yolondera phiri, ntchito imene inali yakedi. Ifenso tinapezerapo mwayi. Mlanduwu ndi wa tonse awiri.

Tsopano za mnyamatayo. Tengani K2,000 muyang'ane nkhope ili pamenepo. Mu Novembala 1914 John Chilembwe, ali ku Mbombwe ku Chiradzulu kuja, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akutengedwa kukafera nkhondo imene sakudziwa chiyambi chake. Maganizo ake anali oti olemera, eni masitolo ndi eni minda ndiwo apite kukawomberedwa, amphawi asiyidwe. Atsamunda anaitsekereza kalatayo. Pa nkhondo imeneyo amuna a dziko lathu pafupifupi 200,000 anasenzetsedwa katundu ngati amtengatenga, ambiri mogwidwa ukapolo m'midzi, ndipo ochuluka anathera m'tchire ndi njala ndi kamwazi. Munthuyo tinamuika pa ndalama, tchuthi chake timapuma pa 15 Januwale, koma kalata yake ndi angati anaimvapo?

Pa nkhondo ndi pomwe mlonda uja amanenepa zenizeni. Msonkho umakwera, wofunsa amatchedwa woukira, ndipo mwana wa mayi wogulitsa tomato ndiye amapita kutsogolo. Ya ku Mozambique tinaiona ndi maso tili ana: othawa oposa 1 miliyoni ku Nsanje, Mulanje, Mwanza ndi Dedza, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitaduka, katundu n'kumazungulira ku Durban, mitengo n'kumakwera m'masitolo a ku Limbe, asilikali athu akulondera njanji ya Nacala. Inatha mu 1992 akuluakulu atasainirana mapepala ku Rome, onse atavala masuti, wopanda mwendo panalibe. Ku Congo nako, mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni, ndipo Januwale wa chaka chino enanso atatu, masiku amene zigawenga za M23 zinkalowa mu Goma. A South Africa anataya 14, maliro awo ndinawaonera pa TV kuno. Mu Febuluwale a Chakwera analamula kuti anyamata athu akonzeke kubwerera. Amati kumeneko ndi kokasungitsa mtendere, mwina n'zoona. Koma potumiza ana amenewo, ku Manje analipo anafunsidwa?

Musandimve molakwa. Asilikali athu ndimawalemekeza. Mu Disembala 1993, pa Operation Bwezani, ndi iwo analanda mfuti Apayoniya. Mu Epulo 2012, a Bingu atamwalira, anaima ndi malamulo, mayi Joyce Banda n'kulumbira. Mu 2019 ankayenda m'mbali mwa ochita zionetsero kuwateteza. Ameneyo ndiye mlonda amene ndingamulipire mosanyinyirika. Koma munthu akangosaina, thupi lake si lakenso, amapita kumene wandale walozera. Kuno ndinaziona mu 2020. M'bindikiro utayamba pa 27 Malichi, mowa ndi fodya zinaletsedwa, asilikali anadzaza m'makomboni, ndipo ku Alexandra bambo wina, Collins Khosa, anamwalira atamenyedwa pakhomo pake penipeni. Anyamata amene anachita zimenezo nawonso ali ndi amalume awo. Fodya woletsedwayo ankagulitsidwabe pakona iliyonse, mtengo wokha ndiwo unakwera. Kwathu mavenda a ku Blantyre ndi ku Mzuzu anakana kutsekeredwa m'nyumba zopanda ufa, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anaimitsa m'bindikiro wa masiku 21 uja. Tsiku limenelo ndinkayenda monyang'wa m'chipinda changa chimodzichi ngati chigamulocho ndapereka ndine.

Ndiye mwati ndimuletse. Achemwali, ndilalike zonsezi kenaka ine ndemwe ndisanduke kaboma ka pakhomo panu? Mnyamatayo ali ndi zaka 21, ndevu zamera. Mumupatse kalatayi awerenge yekha. Ndatumiza pa Mukuru ndalama yokwana makina ang'onoang'ono owotcherera, girayinda ndi magalasi a kumaso. Akafuna, apite kwa mmisiri uja wa ku Ndirande amene anandiphunzitsa ine, ndalankhula nawo kale ndipo avomera. Ntchito yake ndi yotentha, magetsi ndi omwewo mukuwadziwa, ndipo tsiku lina adzabwera wina ndi buku la malisiti kudzamuuza kuti shedi yake ili malo olakwika. Zimenezo ndisamubisire. Koma geti akaipanga ndi yake, mtengo adzanena yekha. Akasankha yunifolomu, ndalamayo agulire sutikesi ndi zofunda, ndipo ine ndidzamupempherera usiku uliwonse osamusungira kanthu kukhosi. Chimodzi chokha: ndalamayo isagone m'mpango. Zimene asankhezo mugule sabata yomweyo, kwacha simudikira munthu.

Pa 16 Seputembala mukavota. Zitenje akamagawa landirani, nsalu ndi nsalu, komanso munalipira kale. Koma akamati tidzakupatsani ichi ndi ichi, wina aimirire afunse kuti adzachitenga kwa ndani. Ine ndamvera misonkhano yawo pafoni mpaka bandulo kutha, kudikira mmodzi yekha woti anene kuti ndidzakusiyani mugwire ntchito zanu mwamtendere. Sindinamumvebe. Ife a kunja sitivota, ndalama zathu zokha ndizo zimaloledwa kulowa.

Mwafunsanso kuti ndibwera liti. Mapepala anga anatha kale, ndipo ndikangotuluka pa Beitbridge andidinda chidindo choti ndisabwererenso kwa zaka, ndiye fizi ya ang'onoang'ono awo idzachokera kuti? Musaganize kuti kuno ndinathawira ku ufulu. Mlonda ndi yemweyo, wangosintha chipewa. Ndikaona galimoto ya apolisi ndimalowa m'sitolo n'kumayang'ana mitengo ya zinthu zomwe sindigula, mtima uli ku Lindela kumene amasungira oyembekezera kubwezedwa kwawo. Agogo athu ankapita ku Wenela ndi chiphaso cha boma, boma n'kumadyapo pa malipiro awo, mpaka Kamuzu analetsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Ife tikupita mozemba. Njira ndi yomweyo, ndipo palibe mwa ife anaisankha chifukwa chodana ndi kwawo.

Usiku wina ndinalota ndikutsika minibasi pa msika wa Manje, fungo la chiwaya ndi kanyenya lili tolo, kondakitala akukuwa Limbe, Limbe, mayi atakhala pa benchi yawo akupatula tomato miyulumiyulu. Ndinati ndiwapatse moni, alamu ya foni n'kulira.

Basi ikamabwerera mundipatsireko ufa woyera pang'ono, usipa wouma, mfutso wa nkhwani ndi kambuzi. Ufa wa kuno nsima yake imakhutitsa m'mimba mokha. Ku manda a mayi mukalambule mvula isanayambe, ndalama ya simenti ndidzatumiza mwezi wa mawa. Moni kwa alamu, kwa amayi a banki m'khonde ndi kwa onse ofunsa za ine. Mumuuze mnyamatayo andijambulire mtengo wa mango uja ngati udakalipo, aime chakumunsi kuti phiri lioneke kumbuyo kwake ndi zipsera zake zomwe.

Ndine mlongo wanu,
wa ku Joni